“Ukadzakula udzamvetsa” si yankho la ndale

M’makomo ambiri muno m’Malawi, mkangano wa ndale pakati pa kholo ndi mwana umathera pa msinkhu. Wailesi ikamaliza nkhani za madzulo, nsima ili pamphasa kapena patebulo, mwana wa zaka 23 amene adamaliza kukoleji koma ntchito sanaipeze amafunsa chifukwa chimene nduna yotchulidwa pa nkhani ya katangale ikadali pampando, kapena chifukwa chimene banja lonse limavotera phungu yemweyemweyo pomwe mlatho wa kumudzi udakokoloka kalekale. Bambo amayamba n’kuyankha bwinobwino, koma mafunso akachuluka amakankha mbale n’kunena kuti: “Kodi iwe unabadwa liti? Ukadzakula udzamvetsa.” Mayi amamuyang’ana mwanayo ndi diso lomuuza kuti basi zakwana, ndipo nkhani imafera pomwepo. Ndinene mosapsatira mawu kuti yankho limeneli, ngakhale limachokera kwa anthu otikonda, likuwononga ndale za dziko lino kuposa mmene timaganizira. Limaphunzitsa mwana kuti funso labwino limagonja kwa imvi, ndipo mwana wophunzira zimenezo pakhomo sadzalimba mtima kufunsa khansala, phungu kapena pulezidenti. Mtima wa achinyamata wofuna kuti zinthu ziziyenda mwachilungamo, umene akuluakulu amautcha chibwana kapena kutentha magazi, ndi umene udabweretsa mbali yaikulu ya ufulu umene akuluakuluwo akudyerera lero.

Tiyambe ndi kuwamvetsa makolowo, chifukwa mantha awo sadangobwera okha. Munthu amene ali ndi zaka 55 kapena 60 lero adakulira m’dziko limene mawu amodzi olankhulidwa pamowa kapena m’basi ankatha kumutengera munthu ku Mikuyu kapena ku Dzeleka osaonekera kukhothi. Chilangocho sichinkagwera wolankhula yekha. Munthu akatchedwa chigawenga, abale ake ankachotsedwa ntchito, anansi ankasiya kumupatsa moni mkazi wake, katundu ankatha kulandidwa ndi lamulo lolanda chuma. Mu 1971 anthu mazanamazana a m’mudzi wa Moto ku Mangochi, amayi ndi ana omwe, adatengedwa kukatsekeredwa powaganizira kuti ankathandiza otsatira a Henry Masauko Chipembere. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, boma n’kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Ngati nduna zinkafa chotero, mlimi wa ku Ntchisi kapena mphunzitsi wa ku Rumphi akadathawira kwa yani? M’masiku amenewo kutseka mwana pakamwa kudali kumupulumutsa iye pamodzi ndi mbumba yonse. Mayi amene lero amatsina mwana wake akayamba kutchula maina a atsogoleri pagulu akuchita zimene amayi ake adamuphunzitsa, ndipo panthawiyo zidali nzeru zenizeni. Wachinyamata amene amaseka mantha amenewa sakuidziwa mbiri ya kwawo.

Vuto ndi lakuti ulamuliro wa chipani chimodzi udatha, koma maphunziro ake adatsalira m’nyumba. Dr. Hastings Kamuzu Banda adamanga boma lake pa nsanamira zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo mwadala ankalankhula za dziko ngati banja lake. Ankadzitcha Nkhoswe ya amayi onse, amayiwo n’kukhala mbumba yake, nduna n’kumazitcha anyamata ake. Potero kufunsa boma funso kudasanduka mwano, chimodzimodzi kutukwana malume pabwalo. Chizolowezi chimenechi sichidathe ndi referendamu ya pa 14 Juni 1993. Mpaka lero atsogoleri timawaitana Adadi, Amayi, tate wa fuko, ndipo timawavinira akamanga msewu ndi ndalama za msonkho wathu ngati atulutsa za m’thumba mwawo. Koma pulezidenti ndi bambo wa ana ake okha. Kwa enafe ndi wantchito amene timamulemba kwa zaka zisanu, ndipo malamulo oyendetsera dziko amanena momveka kuti mphamvu za boma zimachokera kwa anthu ndipo wolamula amazisunga pokhapokha ngati anthuwo akumukhulupirirabe. Mwana amene adabadwa malamulo amenewa alipo kale akamalankhula za mtsogoleri mopanda kugwada, kholo limamva mwano pomwe mwanayo akungonena zimene adaphunzira m’kalasi. Apa ndi pamene mibadwo iwiriyi imasiyanirana. Nthawi zambiri chipani amavotera chimodzi, koma samvana pa funso lakuti munthu wamba ali ndi ufulu wofuna zochuluka motani kwa omulamulira.

Amene amati ana sadziwa kanthu awerengenso mbiri ya ufulu wathu. Mu 1956, pamene Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume ankalowa m’nyumba ya malamulo ya atsamunda ku Zomba, adali ndi zaka 25 ndi 26. Akuluakulu ambiri a Nyasaland African Congress panthawiyo ankakhulupirira zolemba makalata aulemu ndi kudikira, ndipo ena adavomera ngakhale kukakhala m’nyumba ya malamulo ya chitaganya ku Salisbury. Anyamatawa, pamodzi ndi Dunduzu Chisiza komanso Rose Chibambo amene ankasonkhanitsa amayi, adakanitsitsa. Adati chitaganya chithe, dziko lidzilamulire lokha. Kwa munthu wodekha wa chaka chimenecho, amenewa adali maloto a ana. Patangopita zaka 8 chitaganya chidali chitagwa ndipo mbendera yathu idakwera.

M’nkhani yomweyi muli phunziro lowawa limene achinyamata a lero ayenera kulimva bwino. Anyamata aja sadadzikhulupirire mpaka pamapeto. Poona kuti mafumu ndi anthu a kumidzi sangamvere ana, adaganiza zofunafuna munthu wachikulire, wophunzira kwambiri, woti amuike patsogolo, ndipo adaitana Dr. Banda, dokotala wa zaka pafupifupi 60 amene adali atakhala kunja zaka zoposa 40. Iye adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, iwo n’kumamutamanda m’misonkhano mpaka kumusandutsa mpulumutsi, n’kumupatsanso mphamvu zonse m’chipani. Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu mu 1964, nduna zomwezo zidamufunsa za tiki imene odwala ankalipitsidwa m’zipatala, za malipiro a ogwira ntchito m’boma, za kuchedwa kokweza Amalawi pa maudindo, ndi za ubale wake ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Mafunso onsewa adali oyenera, koma yankho lake lidali kuchotsedwa ntchito ndi kuthawa m’dziko. Yatuta Chisiza adaphedwa mu 1967, Chipembere adafera ku America mu 1975, Orton Chirwa adafera m’ndende ya Zomba mu 1992. Kulota zazikulu sindiko kudawapweteka anthu amenewa. Chidawapweteka ndi kugonjera chikhulupiriro chomwe chija timachimva pansima, chakuti mfundo siimveka popanda imvi, mpaka kupereka maloto awo m’manja mwa munthu mmodzi popanda chingwe chomumangira.

Mu 1992 achinyamata adaonekeranso. Ulemu woyamba upite kwa maepiskopi a Katolika, amene kalata yawo idawerengedwa m’matchalitchi pa 8 Malichi, ndipo iwo sadali ana. Koma akuluakulu a chipani atayamba kuwaopseza, amene adatuluka pamsewu ku Zomba adali ophunzira a ku Chancellor College, a ku Polytechnic n’kutsatira. Mu Meyi ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala, zipolowe zidafalikira, ndipo anthu pafupifupi 40 adaphedwa. Kholo lililonse limene lidali ndi mwana kukoleji chaka chimenecho lidali ndi chifukwa chomveka chomudandaulira kuti asiye zimenezo asanachotsedwe sukulu kapena kusowetsedwa. Koma patapita miyezi 15 kalata ija itawerengedwa, anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse adavotera nyali ya matipate. Chiyambire pamenepo mtengo wa ufulu wakhala ukulipiridwa kawirikawiri ndi anthu a msinkhu womwewo. Fanikiso Phiri, wophunzira wa ku Chancellor College, adawomberedwa ndi apolisi pa zionetsero mu 2001. Anthu pafupifupi 20 adaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011. Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene ankadzudzula boma, adapezeka atafa pasukulupo mu Seputembala chaka chomwecho. Apolisi adati adadzipha, koma komiti yofufuza ya 2012 idapeza kuti adachita kuphedwa. Chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chothetsa chisankho cha pulezidenti chidalembedwa ndi oweruza asanu potengera umboni, osati phokoso la pamsewu. Komabe miyezi ya zionetsero zimene zidatsatira chisankhocho, momwe ambiri oyenda adali achinyamata, ndi imene idachititsa kuti nkhaniyo isakwiriridwe ndi mawu ozolowereka aja akuti zatha, tiyeni tigwirane manja titukule dziko. Ophunzira a 1992 aja lero apitirira zaka 50 ndipo ali ndi ana akuluakulu. Iwo koposa wina aliyense ayenera kukumbukira mmene zimapwetekera kuuzidwa kuti ndiwe mwana pamene ukunena zoona.

Wina anganene kuti ndikusankha zokoma zokhazokha. Kodi amene ankatsekereza amayi pakhomo la msika ndi padepoti ya basi kufuna khadi la chipani sadali achinyamata? Nanga apayoniya amene adazunza a Mboni za Yehova? Nanga ma Young Democrats a nthawi ya UDF, makadeti odzipaka utoto, anyamata a zikwanje amene adazungulira mzinda wa Blantyre pa magalimoto kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero za 2011 zichitike? Zonsezi n’zoona. N’zoonanso kuti zionetsero za 2019 zidasiya masitolo othyoledwa, mabenchi a amayi ogulitsa tomato atagubuduzika, ndi wapolisi wophedwa ndi miyala ku Msundwe. Imfa imeneyo ilibe choikira kumbuyo, monganso nkhanza zimene apolisi adachitira amayi ndi atsikana a m’deralo pambuyo pake zilibe choikira kumbuyo. Koma tifunse bwino za mnyamata wa chikwanje uja. Wamutuma ndani? Galimoto wakwerayo ndi ya yani, mafuta wathira ndani, ndalama ya kachasu yatuluka m’thumba la yani? Kadeti ndi mwana womvera kwambiri, amene adaphunzira kuti bwana akalamula sufunsa chifukwa. Apayoniya ankaphunzitsidwa kumvera, ndipo adamveradi mpaka asilikali adawalanda zida mu Disembala 1993. Nkhanza za anyamata a zipani zikutsutsa mwambo wa kumvera kosafunsa. Sizikutsutsa mwana wofunsa mafunso pakhomo, chifukwa ameneyo ndi amene amavuta kumupatsa chikwanje.

Mfundo yolemera kwambiri imene makolo ali nayo ndi ya zaka zaposachedwapa, ndipo siyenera kupeputsidwa. Amati: mudayenda pamsewu miyezi yambirimbiri, mudapuma utsi wokhetsa misozi, mudasintha boma pa 23 Juni 2020, nanga mudapezapo chiyani? Ntchito 1 miliyoni zimene mgwirizano wa Tonse udalonjeza sizidaoneke. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mizere ya mafuta idasanduka chinthu chozolowereka, ndipo anyamata ndi atsikana adakwera ndege kukalima m’minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Ena mwa otsogolera zionetsero adalandira maudindo m’boma, mmodzi mpaka unduna, mawu awo n’kuzilala. Saulos Chilima, amene achinyamata ambiri adaika chiyembekezo chawo pa iye, adafa pa ngozi ya ndege m’nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024. Ndipo pa 16 Seputembala 2025 anthu adabwezera boma kwa Peter Mutharika, wa zaka 85, yemwe uja adachotsedwa mu 2020, ndi mavoti oposa 56 pa 100 alionse, chiwerengero chimene sichingapezeke m’dziko lino popanda achinyamata ambiri. Bambo akamati andale onse ndi amodzimodzi, akulankhula zimene waona ndi maso.

Komabe umboni womwewu ukauyang’anitsitsa ukunena zina. Chimene chidapindulidwa mu 2020, chomwe chikadalipo mpaka pano, sichidali munthu kapena chipani. Ndi lamulo lakuti wopambana upulezidenti apeze mavoti oposa theka, komanso chidziwitso chakuti zotsatira zofufutidwa ndi Tipp-Ex zikhoza kuthetsedwa kukhothi, chinthu chimene mu Africa muno chidali chitachitikapo ku Kenya kokha mu 2017. Anthu amene adaphunzira kuti akhoza kuchotsa boma adagwiritsa ntchito phunziro lomwelo pa boma limene iwo eni adaliika, ndipo Lazarus Chakwera adavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Anthu otaya mtima sachita zimenezo. Amangokhala kunyumba tsiku la voti. Chimene chidalephera ndi chija cha 1958, kukhulupirira kuti ukapeza munthu wooneka wabwino, wolankhula mogwira mtima, ntchito yatha, aliyense abwerere kwawo. Malonjezo ochepetsa mphamvu za pulezidenti ndi othetsa kukondera polemba ntchito adaperekedwa pamisonkhano, koma olonjezawo atalowa m’boma kunja sikudatsale gulu lolimba lowakumbutsa sabata ndi sabata. Mankhwala a matenda amenewa ndi kupitiriza kufuna, chisankho chitatha, nyimbo zitaleka, ngakhale amene ali pampando ndi amene udamuvotera wekha. Mawu akuti onse ndi amodzimodzi amakomera wakuba yekha, chifukwa amamuchotsa manyazi pomuika m’gulu limodzi ndi wosaba, ndipo mwana amene akukana kuwavomera akutithandiza tonse.

Pali mfundo ina imene achinyamata a m’tauni amaiyankha molakwika. Mayi wa kumudzi amene amavotera wolonjeza feteleza wotsika mtengo, kapena phungu amene amagula bokosi pamaliro ndi kutumiza galimoto yonyamula wodwala usiku, sakuchita zaumbuli. Masamu ake amawadziwa bwino kuposa ambiri olemba pa Facebook. Munda wake wa ekala imodzi wopanda feteleza sungamufikitse Disembala, ndipo matumba awiri, lokulitsa ndi lobereketsa, ndi amene amasiyanitsa nyumba yodya kawiri patsiku ndi nyumba yogona ndi njala mu Febuluwale. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 thumba lidali pa K4,495, ndipo amene adalipeza adaona phindu lake m’nkhokwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo kwa mayiyu nkhani za ulamuliro wabwino zili pachala. Mwana amene amamunyoza kuti wagulitsa voti ndi chitenje walakwa, ndipo sadzamukopa. Koma pa mfundo yeniyeni mwanayo sadalakwe. Makuponi adayamba mu 2005. Patha zaka 20 tikugawa feteleza, koma chaka ndi chaka anthu mamiliyoni amafunabe chimanga cha thandizo. Phungu amagula bokosi la munthu amene mwina akadachira chipatala chikadakhala ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo amasowa mwa zina chifukwa cha kuba kwa mtundu umene tidauona mu 2013, pamene mabiliyoni a kwacha adatuluka ku Capital Hill m’miyezi yochepa kulipira katundu amene sadaperekedwe. Kholo likuyang’ana dzinja lino. Mwana akufunsa chifukwa chimene dzinja lililonse limatipeza tili chimodzimodzi, ndipo funso lakelo ndi lokhalo limene yankho lake lingadzatichotse pamzere wa makuponi.

Mfundo zikatha, kholo limatulutsa nkhani ya nsima. “Ukudya za ndani pano? Ukadzakhala panyumba pako uzidzalankhula zimenezo.” Mawu amenewa amapweteka chifukwa muli choonadi. Achinyamata ambiri ophunzira akukhalabe kwa makolo, kupempha ya bandulo ndi ya minibasi yokasiyira makalata ofunsira ntchito. Koma ulova wawowo udabadwa m’ndale zimene akuzitsutsazo, ndipo n’kupanda chilungamo kuugwiritsa ntchito powatseka pakamwa. Imeneyi ndi njira yomwe wandale amagwiritsa ntchito pa kholo lomwelo: ndakupatsa, ndiye ukhale chete. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka adali asanakwanitse zaka 18. Ngongole zimene boma likutenga lero adzabweza ndi iwowa. Nthaka yoguga, mapiri opanda mitengo, anamondwe ngati Freddy wa 2023 amene adapha anthu mazanamazana m’chigawo cha kummwera, zonsezi zidzakhala nawo iwowa kwa zaka zambiri. Chiyambire 2004 aliyense amene walumbira kukhala pulezidenti adali atapitirira zaka 60. Ukalamba si mlandu, ndipo sindikupempha kuti wina achotsedwe chifukwa cha zaka zake. Ndikunena kuti amene adzakhale m’dziko lino mu 2060 ali ndi gawo lalikulu pa zimene zikusankhidwa lero, ndipo kuwauza kuti adikire mpaka atakula n’kuwauza kuti adzalankhule mlandu utagamulidwa kale.

Ena amati maganizo a ana a masiku ano ndi obwereka kwa azungu ndi mabungwe, osagwirizana ndi chikhalidwe chathu. Zimenezi zidanenedwanso za matipate. Zidanenedwa za amayi ovala mathalauza pamene lamulo la 1973 la kavalidwe linkachotsedwa. Zidanenedwanso kwa atsikana amene ankakana kukwatiwa ali aang’ono, ndipo nkhani yawo ikusonyeza zimene zimatheka mibadwo ikamverana. Atsikana ngati Memory Banda adayamba kulankhula asanakwanitse zaka 20, kutsutsa miyambo imene azakhali ndi anamkungwi ankaiona ngati yosakhudzika, n’kufika kwa mafumu ndi aphungu. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto, mayi wachikulire wosunga mwambo wa Angoni, sadaitenge nkhaniyi ngati chibwana. Adathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera atsikana kusukulu ndi kuimitsa nyakwawa zimene zinkalekerera. Mu 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 nyumba ya malamulo idachotsa ndime imene inkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Maukwati a ana sadatheretu, koma kholo lokwatitsa mwana lero likudziwa kuti likuswa lamulo, ndipo ufumu wa Kachindamoto sudachepe mphamvu chifukwa choti udamvera atsikana. Mwambo wathu weniweni sudali woti mmodzi alankhule ena onse duu. Pabwalo la milandu wodandaula ndi woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata, nduna zimafunsa, mfumu imalankhula pomaliza itamva onse. Timati akuluakulu ndi m’dambo mozimira moto chifukwa amayamba amvetsera. Kukhalitsa anthu chete ndi dzina la mwambo ndi khalidwe limene lidakula ndi chipani chimodzi, ndipo si bwino kulikankhira kwa makolo athu akale.

Achinyamata nawo ali ndi ngongole yawo, ndipo ndiinene poyera chifukwa ndili kumbali yawo. Pa chisankho cha 2025 adalembetsa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni, pomwe oyenera kuvota ankayerekezedwa kuti apitirira 10 miliyoni, ndipo m’dziko la ana ngati lino sizingatheke kuti osowawo akhale nkhalamba zokhazokha. Munthu wolemba mawu aukali m’gulu la WhatsApp la banja mpaka pakati pa usiku, koma wolephera kuima pamzere tsiku limodzi ndi chiphaso cha unzika, akuwapatsa bambo ake chifukwa chomveka chomupeputsira. Ambiri amadzudzula tsankho la mitundu ndi zigawo, koma chisankho chikayandikira amabwerera kwa wakwathu monga zidakhalira mu 1994, pamene kumpoto kudatsamira kwa Chakufwa Chihana, pakati kwa Kamuzu, kummwera kwa Bakili Muluzi. Ndipo ambiri akufunafunabe mpulumutsi, mkulu wina woti amuimbire nyimbo ndi kumuvalira malaya. Chonsecho malamulo amalola munthu wa zaka 21 kupikisana pa uphungu. Makomiti a chitukuko a m’midzi, makomiti a sukulu ndi misonkhano ya khonsolo imene imakambirana ndalama za CDF ndi malo otopetsa, opanda makamera, koma ndi kumene ndalama za boma zimabedwera kapena kupulumukira. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo ndi ochepa amene amaligwiritsa ntchito. Mtsikana amene wapita kukhonsolo, wadikira pabenchi, wabwezedwa, wapitanso, mpaka wabwera ndi pepala losonyeza ndalama zimene zidatulutsidwa pa mjigo umene sudakumbidwe, wachita ndale zenizeni kuposa anzake chikwi olemba pafoni. Pepala limenelo agogo ake akhoza kulimvetsa, chifukwa ndi iwo amene akumwabe madzi a padambo.

Kwa makolo pempho langa ndi laling’ono. Palibe amene akuti muvomere zonse zimene mwana wanena. Nthawi zina amalakwitsa ziwerengero, amameza mphekesera za pa intaneti, amafulumira kuweruza anthu amene sakuwadziwa. Mutsutseni, koma ndi mfundo. Muuzeni zimene mudaona inuyo: mmene mayi woyembekezera ankagulitsidwa khadi la chipani la mwana wosabadwa, mmene njala ya 2002 idafikira chimanga cha m’nkhokwe za boma chitagulitsidwa, mmene bilu yochotsa malire a zaka zolamulira pulezidenti idagwera m’nyumba ya malamulo chaka chomwecho itaperewera mavoti atatu okha. Ana ambiri sazidziwa zimenezi chifukwa kunyumba sizikambidwa, ndipo mwana wozidziwa amavuta kumunamiza pamsonkhano wa ndale. Mawu a akuluakulu amakomadi akagonera, koma ayenera kukhala ndi chifukwa chimene mwana angagone nacho n’kumachisinkhasinkha. Chiletso chokha sichisiya kanthu koti kagonere. Ana obadwa mu 2012 adzavota koyamba mu 2030, ndipo ena mwa iwo adzasankha mosiyana ndi inu. Akadzatero musawatche oukira banja kapena mtundu, musawaopseze ndi fizi, chakudya kapena munda. Voti ndi yachinsinsi mwa lamulo, ndipo malume, mfumu kapena m’busa amene amauza mbumba yonse pochonga akugwira ntchito imene ayufi ankagwira pakhomo la msika, kungoti akuigwira mofatsa. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa andale kugawa zinthu pokopa mavoti, koma palibe lamulo limene lingalowe m’nyumba mwanu kudzaletsa kuti fizi ya mwana isanduke malipiro a voti yake. Mungaletse zimenezo ndi inu nokha, eni khomo.